Mawu a Tsiku Limodzi: Mbiri ya Mwambo wa ku Herrnhut

Mwambo wowerenga vesi limodzi la m'Baibulo m'mawa uliwonse, limene munthu sadzisankhira yekha, unayambira m'mudzi wa Herrnhut, m'chigawo cha Saxony ku Germany. Mudziwo unamangidwa m'chaka cha 1722 ndi anthu othawa kwawo ku Moravia, kumene mpingo wawo, umene unatsata chiphunzitso cha Jan Hus, unkaletsedwa kupembedza poyera. Mwinimalo amene anawalandira anali Nikolaus Ludwig von Zinzendorf, munthu wa m'banja lolemekezeka, ndipo alendowo, popeza anasiya minda ndi nyumba kumbuyo, ankakhala modalira chifundo cha mwiniyo ndi cha boma limene likanatha kuwapitikitsa nthawi ina iliyonse.

Zaka zoyambirira zinali za mikangano ya chiphunzitso, kufikira pa 13 Ogasiti 1727, pamene anthuwo anayanjana pa mgonero wa Ambuye m'tchalitchi cha ku Berthelsdorf. Pa 3 Meyi 1728, pa msonkhano wa nyimbo wa madzulo, Zinzendorf anapereka kwa mpingo mawu ochepa oti uwagwire tsiku lotsatira, ndipo kuyambira pamenepo mbale mmodzi ankayenda khomo ndi khomo kukanena mawu a tsikulo ndi kufunsa za moyo wa a m'nyumbamo. Mawuwa anatchedwa Losung, dzina limene asilikali ankatchulira chizindikiro chapakamwa chozindikirana nacho, chimene chimagwira ntchito tsiku limodzi lokha kenako n'kusinthidwa. Buku loyamba la mawu a chaka chonse linasindikizidwa mu 1731, ndipo lakhala likutuluka chaka ndi chaka osadumpha, ngakhale m'nyengo za nkhondo.

Chimene chimasiyanitsa mwambowu ndi mabuku ena a mapemphero a tsiku ndi tsiku ndi maere. A mpingo wa Moravian ankakhulupirira kuti Mulungu amalankhula kudzera m'maere, potsamira pa Miyambo 16:33 ndi pa kusankhidwa kwa Matiya m'buku la Machitidwe, kotero kuti ankachita maere potumiza amishonale, posankha atsogoleri ngakhalenso pa nkhani za ukwati. M'zaka za m'ma 1800 mpingo unasiya pang'onopang'ono kugamula nkhani zotere ndi maere, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti banja lokanizidwa ndi kapepala silinali chinthu chopepuka kuchilandira. Koma pa mawu a tsiku maerewo anatsalabe. Mavesi ochokera m'gulu la mavesi a m'Chipangano Chakale oposa 1,800 amaikidwa m'mbale, n'kutoledwa limodzilimodzi kufikira tsiku lililonse la chaka litapeza lake, kenako akonzi amawonjezera vesi la m'Chipangano Chatsopano logwirizana nalo pamodzi ndi pemphero kapena ndime ya nyimbo. Motero wodwala angathe kudzukira mawu a chikondwerero, ndipo wokondwa angadzukire mawu a chidzudzulo; wowerenga amaphunzitsidwa kulandira chimene wapatsidwa monga Aisraeli ankatolera mana okwanira tsiku limodzi m'chipululu, ndi kusiya nkhawa za mawa monga momwe Mateyu 6:34 amalangizira.

Amishonale anayenda ndi bukuli kulikonse kumene anapita, kuyambira ku chilumba cha St Thomas mu 1732 ndi ku Greenland mu 1733. Mu 1891 ena a iwo anadzera m'mtsinje wa Shire ndi pa nyanja ya Malawi, n'kutsikira ku Karonga popita kukakhazikitsa mishoni ku Rungwe, m'dziko limene tsopano ndi Tanzania. Lero mawuwa amamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 50, ndipo ambiri mwa owerenga ake si a mpingo wa Moravian. Wodziwika kwambiri mwa owerenga otere anali Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa chi Lutheran amene anatsutsa ulamuliro wa Hitler: atamangidwa mu 1943, ankawerenga mawu a tsiku m'ndende ya Tegel ndipo ankawatchula m'makalata ake, osadziwa ngati adzatuluka kapena ayi, mpaka pamene anaphedwa ku Flossenbürg pa 9 Epulo 1945.

Kufalikira kumeneku kunasinthanso kachitidwe ka mwambowo. Popeza omasulira ndi osindikiza a m'maiko ambiri amafuna nthawi yokwanira, maere amachitika ku Herrnhut kamodzi pa chaka, kutatsala pafupifupi zaka zitatu kuti chaka cha mawuwo chifike.