Woyang'anira Zotsitsa, Kapena Mtengatenga?

Mwa mayina onse amene omasulira a masiku ano apachika pa zida za pakompyuta, palibe limene landilemetsa mtima monga ili lakuti "woyang'anira zotsitsa," limene limapezeka m'mapepala ophunzitsira achinyamata ndi m'zolembedwa zomasuliridwa ndi makina, paliponse pamene Mngelezi akadalemba kuti download manager. Wophunzira wina wanzeru zake, ataliwerenga dzinali, anafunsa ndi mtima woona ngati woyang'anirayo ndi munthu wolembedwa ntchito ku kampani ya lamya, wokhala pampando n'kumaloleza kapena kukaniza anthu kutenga zinthu pa intaneti. Ndipo funso lake silinali lopusa konse, pakuti m'chinenero chathu woyang'anira ndi munthu wa maso ndi mphuno, kapitawo wa m'munda wa tiyi kapena mkulu wa mpingo woyendera nkhosa zake, amene amaloza ndi chala pomwe ena akukhetsa thukuta.

Mlanduwu sukadakhala waukulu pakadapanda mtsutso umene ulipo pakati pa anthu ogwiritsa ntchito Linux ndi abale ake, wakuti kodi pulogalamu yapadera yotere ikufunikabe, kapena nthawi yake inapita pamodzi ndi mamodemu olira m'makutu aja. Munthu sangaweruze mtsutso umenewu asanadziwe ntchito imene chinthucho chimagwira. Tsono dzina loipa, m'malo moulula ntchitoyo, limaiphimba.

Zida zimenezi zinabadwa m'masiku a masautso, pamene intaneti inkayenda m'nthambo za telefoni, ndipo munthu ankatha kudikira fayilo imodzi usiku wonse, n'kuona kuti yaduka itatsala pang'ono kutha chifukwa wina m'nyumba wanyamula lamya. Mankhwala ake anakhazikika mu 1997, pamene malamulo a HTTP/1.1 analola kuti kompyuta ipemphe gawo chabe la fayilo, kunena kuti, "Ndili nazo kale kufikira apa, ndipatseni kuyambira apa," ndipo seva yovomera imayankha ndi nambala 206, imene itanthauza kuti chikubweracho ndi chigawo. Chaka chomwecho kunatuluka GetRight ya Windows, ndipo pambuyo pake kunadza zina zambiri. Pa maziko amodzi omwewo panamangidwa luso lachiwiri, pakuti ngati n'kotheka kupempha gawo limodzi, n'kothekanso kupempha zigawo zisanu ndi zitatu nthawi imodzi, kuchokera ku seva imodzi kapena ku maseva angapo osunga fayilo yofanana, ndi kuzilumikiza zikafika. Zina zonse, monga kuika mafayilo pamzere, kudikira ora loikika, kuchepetsa liwiro kuti ena m'nyumba asavutike, ndi kuyesa ngati chafikacho chili champhumphu, ndizo nthambi za thunthu limeneli.

Amene amati zidazi zinatha ntchito sali opanda mfundo, ndipo ndiyenera kuwachitira chilungamo. Firefox ndi Chromium tsopano zimatha kupitiriza fayilo yoduka ngati seva ilola. Kuposa apo, wogwiritsa ntchito Debian, Fedora kapena Arch sayendayenda pa masamba a intaneti kufunafuna mapulogalamu monga achitira a Windows, koma amawatenga m'nkhokwe ya gulu lake kudzera mu apt, dnf kapena pacman, zimene zimayesa chidindo cha phukusi lisanakhazikitsidwe. Ndipo apt imasunga ngakhale zigawo zosatha m'kachipinda kake kuti mawa ipitirize. Pamene nkhokweyo siifika, pali Wget, imene Hrvoje Nikšić anaitulutsa mu 1996, ndi curl ya Daniel Stenberg wa ku Sweden, yodziwika ndi dzina limeneli kuyambira 1998. Imodzi mwa mapulogalamu awiriwa imapezeka pafupifupi m'makina alionse a Linux, ndipo kalembo kamodzi, -c, kakwanira kuuza Wget kuti iyambire pamene inalekezera. Otsutsawo amanenanso zoona akamati kugawa fayilo sikuthandiza ngati pothina pali pa khomo pako pomwe, chifukwa zigawo zonse zidzapanikizana pa khomo lomwelo. Ndipo ali ndi chenjezo lowawa: mu 2023 akatswiri a Kaspersky anaulula kuti pakati pa 2020 ndi 2022 anthu ena ofuna Free Download Manager ya Linux pa tsamba lake lenileni anapatutsidwira ku phukusi lokhala ndi kachilombo kakuba mawu achinsinsi. Anthu amenewo, posiya nkhokwe yotetezedwa kukafuna chida chakunja, anapala moto kudambwe osadziwa.

Koma ndaona kuti ambiri onena mawu amenewa amakhala m'maiko amene fayilo ya magigabaiti asanu imafika tiyi asanazizire. Kwathu kuno sikutero ayi. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, poyamba inkakwana pa CD imodzi, ndipo kufikira 2011 inkatumizidwa pa positi kwaulere kwa aliyense woipempha. Lero Ubuntu 24.04 imaposa magigabaiti asanu, ndipo positi ija kulibenso. Mphunzitsi wa ku Ntcheu kapena wa ku Chipata wofuna kuiika m'makompyuta a sukulu yake adzagula bandulo ya usiku, pokhala ndiyo yotsika mtengo. Adzafuna chida chodzuka chokha pakati pa usiku iye ali m'tulo, choyesanso kakhumi kapena kazana osatopa netiweki ikagwa, chosataya kanthu magetsi akathima, pakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndiponso choleka msanga ora la bandulo lisanathe, kuti chingadye mayunitsi a masana. Brawuza monga Firefox kapena Chromium sichita zonsezi. Zimene zimathandiza pa ntchitoyi ndi aria2 ya Tatsuhiro Tsujikawa, yodziwa kukoka fayilo imodzi ku HTTP, FTP ndi BitTorrent pamodzi, ndi uGet kapena KGet kwa iye amene sanazolowere kulemba malamulo pa chophimba chakuda; ndipo zitatu zonsezi zili m'nkhokwe za magulu akuluakulu a Linux, kotero kuti palibe chifukwa chopitira kudambwe kuja. Chiweruzo changa n'chakuti ntchitoyi ikadali yamoyo ndithu, makamaka kwa osauka, ndipo chimene chafa ndi mwambo wokaitola m'misewu ya intaneti.

Tsono tibwerere ku dzina. Liwu lakuti "kutsitsa" lili ndi chilema chimene omasulira sanachione. Munthu akatsitsa matumba m'lole, loleyo imabwerera yopanda kanthu. Akatsitsa mtengo wa chimanga, mtengo wakale sukhalaponso. Koma fayilo imatsala pa seva monga inaliri, ngakhale aitenge anthu zikwizikwi. Wophunzira amene waloweza "kutsitsa" adzavutika kumvetsa chifukwa chake mapulogalamu aufulu angagawidwe kwa onse popanda wina kusauka nazo, chimene chili mtima weniweni wa chiphunzitso cha Richard Stallman kuyambira pamene analengeza GNU mu 1983. Anzathu a Chiswahili anasankha kupakua, liwu limene ndi mbale wake wa "kupakula" wathu, ndipo lawakhalira bwino chifukwa analigwirizana nalifalitsa. Komabe m'makutu mwathu kupakula kumanunkhira nsima, ndipo nako kumasiya mphika wopanda kanthu. Ena amalemba "kukopera," ndipo ili ndilo loyandikira choonadi, kungoti silinena kuti chinthucho chachokera kutali.

Pa mneni ameneyu ine ndaima ndi anthu a pamsika. Iwo amati "kudawuniloda," ndipo analiveka kale liwuli zovala zonse za Chichewa: ndadawuniloda, undidawunilodere, yadawunilodeka, sinadawunilodedwe. Liwu limene lalola kupindidwa chotere lalowa m'mudzi, lapatsidwa malo, ndipo kulipirikitsa tsopano n'kulimbana ndi mtunda wopanda madzi. Makolo athu sanachite manyazi kulandira nsapato ndi kapitawo kwa Apwitikizi, ndege kwa Aswahili, buku ndi sukulu kwa Angelezi. Anadziwa kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma pa liwu lachiwiri, la manager lija, sindilola kubwereka, ndiponso sindilola kumasulira liwu ndi liwu, pakuti Chingelezi chomwe chinaphonya pamenepa, ndipo si bwino kulowa chokolo cha cholakwa cha eni ake. Chidachi sichilamulira munthu aliyense, chimasenza. M'chaka cha 1875, pamene amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi E. D. Young anafika pa mathithi a Shire ndi sitima yawo ya Ilala, imene sikadatha kukwera madzi ogwa pamiyala, anaiphwasula zidutswazidutswa, ndipo amuna mazanamazana a m'dziko muno anasenza zidutswazo pamitu, natula pogona, nanyamulanso m'mawa kuyambira pomwe anatulira, kufikira kumtunda kwa mathithi, kumene zitsulo zonse zinawerengedwa ndi kulumikizidwa, ndipo sitimayo inalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho. Kugawa katundu, kutula ndi kupitiriza, kulumikiza, kuona ngati palibe chasowa: nayo ntchito yonse ya aria2, ndipo anthu ogwira ntchito imeneyi tili nalo kale dzina lawo, ndiwo amtengatenga. Chifukwa chake ndikupempha kuti tizinena "mtengatenga wa mafayilo." Ndidziwa kuti dzinali lili ndi zipsera, popeza pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anthu athu ochuluka anagwidwa mokakamiza kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere kwawo, koma boma lomwe limaligwiritsa ntchito ponena za unduna wa zamtengatenga, ndipo sindiona chonyoza makolo m'kusenzetsa makina goli limene kale linali pa makosi a anthu.

Wina adzati: "Nanga inu ndinu yani kuti muike dzina?" Funso limeneli ndi lolungama, ndipo likhudza bala lenileni. Kuyambira 1972 tinali ndi Chichewa Board, imene inkaweruza za kalembedwe ndi mawu, nthawi zina ndi dzanja lolemera kwambiri. M'malo mwake munadza Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba mu 1996, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Sindilakalaka kubwerera kwa masiku amene liwu limodzi lochokera kumwamba linkatseka pakamwa pa onse. Koma pamene akatswiri achedwa kulankhula, mpando sukhala wopanda munthu: kuyambira 2014, pamene Google Translate inalandira Chichewa, makina ndiwo akhala akutiikira mawu, ndipo "woyang'anira zotsitsa" ali ndi fungo la mwana wa makina, wobadwa kwa atate osamva chinenero ndi amayi osadziwa ntchito. Mawu otere akalembedwa kawirikawiri pa intaneti, makina ena amawaphunzira ngati Chichewa chenicheni, ndipo cholakwa chimabala zidzukulu.

Chondipweteka koposa n'chakuti pa mapulogalamu aufulu khomo silinatsekedwe. Mawu onse ooneka pa uGet kapena KGet amasungidwa m'mafayilo apadera a omasulira, amene munthu aliyense angawatsegule, kuwalemba m'chinenero chake pansi pa chizindikiro chathu cha ny, ndi kuwatumiza kwa osamalira pulogalamuyo popanda kupempha chilolezo cha nduna kapena kulipira khobidi. Ntchito imeneyi iyenera kukhala ya anthu atatu okhala pa mphasa imodzi, katswiri wa chinenero, mmisiri wodziwa chimene seva imachita ikalandira pempho, ndi mphunzitsi amene adzaimirire pamaso pa ana. Ndipo pamphasapo payenera kukhalanso a ku Zambia ndi a ku Tete ndi Niassa, kuti tisadzakhale ndi mayina atatu a chida chimodzi. Akadzakhala pansi, asadzathere tsiku lonse pa "kutsitsa," pakuti kutsogoloku kuli mawu ouma kuposa amenewa, monga mirror, checksum ndi repository, amene mphunzitsi wa ku Ntcheu uja ayenera kuwamvetsa asanakhulupirire fayilo imene mtengatenga wake wamutulira m'mawa.