Chingwe cha ku Cambridge

Inu amene mumakwiya foni ikangochedwa pang'ono, tamvani izi. Pa 6 Meyi 1949, ku yunivesite ya Cambridge, kompyuta yotchedwa EDSAC inayamba kugwira ntchito. Anaipanga a Maurice Wilkes ndi anzawo. Wochita kafukufuku ankalemba pulogalamu yake poboola timabowo pa pepala lalitali ngati lamba, n'kulipachika pachingwe ngati akuyanika zovala. Oyendetsa makinawo ankachotsa limodzilimodzi, eni ake akudikira basi. Usiku anthu ochepa odalirika ankaloledwa kuiyendetsa okha. Ikawonongeka, zomwe sizinkasowa, ankangopita kukagona, amisiri adzaione m'mawa. Mu 1958 anaizimitsa, EDSAC 2 n'kulowa m'malo, ndipo ofufuza aja anayambanso kuphunzira chinenero cha makina atsopanowo.