Nyika Sinayambe Ndi Njala

Chaka chikavuta ku Chikwawa ndi ku Nsanje, chithunzi chomwe chimazungulira pa WhatsApp chimakhala chomwechomwecho: mayi wakhala pansi, m'mbale muli timibulu takuda, pamwamba alemba kuti anthu ayamba kudya nyika. Tinaziona mu 2024, boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Timamva chisoni, kutumizirako anzathu, basi n'kuiwala. Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti ambirife nyika timaidziwa ngati chizindikiro cha njala chabe, pomwe mbiri yake ndi yaitali kuposa pamenepo.

Kwa amene simunaionepo, nyika ndi tsinde lonenepa la kakombo wa m'madzi, uja wa masamba otambalala oyandama. Imakhala m'matope pansi pa madzi, ndipo dambo la Elephant Marsh lili nayo yambiri.

Mu 1859, David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert. Ndi iyeyu anapatsa damboli dzina lachingerezili, atawerenga njovu pafupifupi 800. Njovuzo zinatha kalekale, koma china chomwe anaona paulendowu chilipobe. M'buku lomwe analemba ndi mng'ono wake Charles, lotuluka mu 1865, akufotokoza za anthu m'mabwato akuzula nyika m'madambo a kumunsi kwa Shire. Dzina analemba lomweli, nyika. Anati ikaphikidwa kapena kuotchedwa imafanana ndi mtedza wa mumtengo wakwawo wotchedwa chestnut, komanso kuti imadyedwa m'madera ambiri a Africa. Taonani, sanaitchule ngati chakudya cha anthu osowa pogwira. Anaiona ngati chakudya basi.

Kufanizira kumeneku kumandichititsa chidwi, chifukwa naye chestnut anali chakudya cha amphawi. Kumapiri a Corsica, Tuscany ndi Cévennes, komwe tirigu sankachita bwino, anthu ankamuwiritsa, kumuotcha, kapena kumuumitsa pa utsi n'kupera ufa wophikira chakudya cholimba ngati nsima yathuyi. Lero ufa womwewo ndi wodula, ndipo chestnut wootcha amagulitsidwa m'misewu ya London nyengo ya Khirisimasi ngati chinthu chapamwamba.

Kaphikidwe ka nyika sikasiyana kwenikweni. Mukaitsuka matope, mumaiwiritsa ndi makoko ake mpaka ifewe, kenako kusenda n'kudya ngati mbatata. Ena amaiotcha pamakala. Njira yachitatu ndi ya ufa: kusenda, kuyanika padzuwa, kusinja mumtondo, kusefa, n'kuphika phala kapena kusakaniza ndi kaufa ka chimanga kapena mapira kuti kafike patali. Kakomedwe kake kali ndi kuwawira pang'ono, n'chifukwa chake wodya tsiku ndi tsiku, wopanda china chosinthira, amatopa nayo.

Nanga zinatembenuka bwanji? Chigwachi chaona zambiri. Mu 1862 ndi 1863, chilala pamodzi ndi nkhondo zogwira akapolo zinapha anthu ochuluka moti mitembo inkayandama mu Shire. M'zaka za m'ma 1930, nyanja ya Malawi itakwera, madzi anamiza madimba ambiri omwe anthu ankadalira mvula ikakana. Kenako njala ya 1949, ya 2002, madzi osefukira a 2015, namondwe Freddy mu 2023. Nthawi zonsezi munda ukalephera dambo ndilo linkatsala. Mmene ndikuonera ine, chakudya chomwe chimakupulumutsa kambirimbiri pa tsoka chimayamba kununkha tsokalo. Chimanga chitasanduka muyeso wa kudya bwino, wodya nyika anayamba kuoneka wochititsa manyazi.

Sindikufuna kukometsera umphawi, ayi. Kuzula nyika ndi ntchito yoika moyo pachiswe. Nthawi zambiri ndi amayi amene amalowa m'madzi ofika m'chifuwa, m'dambo lodzaza ng'ona ndi mvuu, ndipo ena sabwerako. Palibe mayi woyenera kusankha pakati pa ng'ona ndi mwana wolira njala. Manyazi apa ndi a dziko lomwe limadikira chithunzi chija kuti lidzidzimuke, osati a mayi wodziwa kupeza chakudya pansi pa madzi.

Mu 2017 Elephant Marsh inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, lachiwiri kuno kwathu pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Pokamba zoliteteza timatchula mbalame ndi nsomba. Titchulenso nyika, ndi nzeru za anthu amene amaidziwa.

Anzanga ochokera kuchigwa, mukapita kumudzi afunseni agogo: kodi kale nyika munkadya liti, munkaphika bwanji, inkakoma ndi chiyani? Jambulani mawu awo pafoni yomwe mukuwerengerayi. Livingstone anatisiyira mizere yochepa chabe. Zotsalazo zili m'mitu ya agogo athu, ndipo akukalamba.