Zaka za Agogo Anga ndi Zaka za Mpingo Wathu

Agogo anga aamuna sanali kudziwa chaka chimene anabadwa. Akafunsidwa, ankangoyankha kuti mayi awo anali nawo kumbuyo pamene ansembe Achijezuiti anali atangofika kumene ku Lifidzi. Zaka zawo ankaziwerenga ndi masautso, monga ankachitira anthu a mbadwo umenewo muno m'Angónia.

Ufumu utagwa ku Portugal mu 1910, boma latsopano linalamula kuti Ajezuiti achoke. M'malo mwawo munabwera ansembe Achijeremani a Verbo Divino, koma nawonso anachotsedwa Portugal atalowa m'nkhondo yomenyana ndi Germany mu 1916. Agogo sanakumbuke nkhope ya wansembe aliyense wa masiku amenewo. Chimene anachikumbukira ndi mbiri ya nkhondo ya Makombe ya 1917, yochokera tsidya la Zambezi, ndiponso chimfine cha 1918 chimene chinatenga alongo awo awiri.

Atakula ndi kuyamba kusonkha, chibalo chinawagwira kawiri. Kachitatu sanadikirenso asipayo: anakalembetsa Wenela nakakumba golide ku Joni. Kumeneko ndiko anaphunzira kuwerenga, ndipo anabwerako ndi njinga ndi chifuwa chimene sichinawasiye.

Concordata ya 1940 inatsegulanso njira, ndipo mu 1941 Ajezuiti anabwerera ku Lifidzi. Agogo analowa kalasi ya ubatizo ali kale bambo wa ana anayi. Panali chovuta chimodzi: anali ndi akazi awiri. Anazengereza zaka zambiri, pakuti mkazi wamng'ono analibe kolowera. Ena amawadzudzula pa kuchedwa kumeneku. Ine, amene ndaphunzitsa katekisimu kwa amitala ambiri, sindiwaweruza. Anabatizidwa mkaziyo atamwalira, ndipo wansembe, atawayang'ana imvi, anangowayerekezera zaka m'buku la ubatizo.

Anaona dayosizi ya Tete ikukhazikitsidwa mu 1962, anamva monong'onezana za kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu mu Disembala 1972, ndipo pa 25 Juni 1975 anavina nawo ufulu. Patangopita mwezi umodzi boma linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni. M'zaka zotsatira, wansembe akasowa, tinkapemphera kolona pakhonde pawo.

Pa 30 Okutobala 1985 Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira anatengedwa ku Chapotera naphedwa. Agogo atamva, anakhala tsiku lonse osadya. Chaka chotsatira nkhondo inakula, ndipo tinathawira ku Dedza, iwo titawakweza panjinga yawo ija ya ku Joni.

Anamwalira komweko mu 1989, kutatsala zaka zitatu kuti mtendere usainidwe ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ife tinabwerera kwathu. Manda awo ali tsidya la malire, ndipo pamtanda pake tinalembapo chaka chimodzi chokha.