Zipolopolo Zosaphulika za Asilikali a Keyala

Ku Utale, dera limene linali m'boma la Machinga mpaka chaka cha 1998 pamene Balaka anakhala boma paokha, mawu akuti Keyala sali achilendo. Ndi dzina limene anthu anapatsa gulu la nkhondo la King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo likulu lake m'dziko muno linali ku Zomba. Anyamata ambiri ochokera m'maboma ozungulira Zomba, makamaka Ayao, analembedwa usilikali m'gululi. Koma asanaombe mfuti ngakhale kamodzi, ankayamba aphunzira kulonga zipolopolo zimene sizikanatha kupha ngakhale nkhuku.

Makolo awo ankadziwa mfuti ya gogodera, yothira onga kukamwa. Asilikali oyamba a boma la atsamunda ankagwira mfuti zonga Martini, zolandira chipolopolo chimodzi panthawi imodzi. Mfuti ya Lee-Enfield, yotchedwa .303, inasintha zonsezi pakuti kabokosi ka pansi pake kankasunga zipolopolo 10. Zipolopolozo zinkabwera zisanuzisanu, zitapanidwa pa kachitsulo kopyapyala. Msilikali ankakokera kumbuyo mpiringidzo wa mfutiyo, n'kuika kachitsuloko pakamwa pa kabokosi, n'kukankhira zipolopolo zonse zisanu m'kati ndi chala chachikulu. Akatero kawiri, mfuti inali itadzaza.

Pofotokoza, ntchitoyi imamveka yopepuka, koma inali ndi msampha wake. Chipolopolo cha .303 chili ndi mkombero kuthako kwake. Mkombero wa chipolopolo chapamwamba ukakodwa kumbuyo kwa wa chinzake chapansi, mpiringidzo unkakana kutseka, ndipo mfuti inkasanduka ndodo chabe. N'chifukwa chake aphunzitsi ankagwiritsa ntchito zipolopolo zophunzirira, zopanda onga ndiponso zopanda kapoto koyatsira. Zina zinali ndi nsonga yamtengo, zina zinali ndi mizere yofiira m'mbali mwake kuti munthu asazisokoneze ndi zenizeni. Ndi zimenezi wophunzira ankalonga ndi kutulutsa, ataimirira, atagwada, kapena atagona chafufumimba, sajeni ali chilili pambali pake, kufikira zala zitazolowera kugwira ntchitoyo maso ali kutsogolo. Muyezo wa ankhondo a ku Britain unali wakuti msilikali wophunzira bwino aombe zipolopolo 15 pa mphindi imodzi akulunjika, ndipo zimenezi sizikanatheka kwa munthu wochedwa polonga. Phindu lina linali lakuti boma silinkaononga zipolopolo zenizeni, zomwe zinkachokera kutali kutsidya kwa nyanja, ndipo wophunzira akalakwitsa palibe amene ankavulala.

Phindu lenileni la maphunziro otopetsawa linaonekera kunkhondo. Mu Seputembala 1914 asilikali a Keyala anabweza Majeremani ku Karonga. Mu Ogasiti 1940 gulu lachiwiri la Keyala, la anyamata a ku Nyasaland, linamenyana ndi Mataliyana pa Tug Argan ku Somaliland. Mu 1944 ena anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nkhalango zowirira, mvula ikugwa usana ndi usiku, akulimbana ndi Majapani. M'malo oterowo mdani ankatulukira pafupi, kawirikawiri mumdima, ndipo panalibe mpata woyang'ana zimene manja akuchita. Amene zala zake zinaphunzira bwino pabwalo la perete anali ndi mwayi wobwerera kwawo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles, ndipo pambuyo pake mfuti za mpiringidzo zinasiyira malo mfuti zodzilonga zokha. Ku Zomba kudakali nsanja ya chikumbutso cha asilikali amene sanabwerere. M'midzi ya ku Machinga ndi madera oyandikana nawo gule wa Beni, amene mayendedwe ake anatengera perete wa asilikali, akuvinidwabe.