Mankhwala a mitengo ya mangrove: michere yothandiza ndi poizoni wobisika

Mangrove ndi mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, makamaka pamene mitsinje imathira m'nyanja. Kuno ku Malawi kulibe, koma ndi yambiri ku Mozambique komwe Zambezi amathira m'nyanja, ku Tanzania kumene amaitcha mikoko, ndi ku Sundarbans m'dziko la Bangladesh ndi India. Ngati mumapita kumaderawa kapena mumagula zitsamba zochokera kunja, dziwani izi.

Amachizira chiyani?

Anthu a m'mphepete mwa nyanja amawiritsa makungwa a Rhizophora mucronata pofuna kuletsa kutsegula m'mimba. Masamba a Avicennia marina amawagwiritsa ntchito pa matenda a pakhungu, pamene Acanthus ilicifolius amamwera mphumu ndi nyamakazi.

Muli michere yanji?

Mitengoyi ili ndi ayironi yemwe amathandiza kupanga magazi, zinki wothandiza chitetezo cha m'thupi ndi kupola kwa mabala, komanso kopa, manganese ndi kashiamu. Thupi limafuna micherezi pang'ono chabe. Kopa akachuluka amawononga chiwindi, ndipo manganese akapyola muyezo amasokoneza ubongo. Masamba a Avicennia amatulutsanso mchere wambiri, womwe si wabwino kwa inu ngati muli ndi BP.

Nanga poizoni amachokera kuti?

Mizu ya mangrove imachepetsa liwiro la madzi, choncho zonse zimene mtsinje wanyamula zimadikha m'matope: zinyalala za m'mafakitale ndi m'migodi, mafuta a sitima zapamadzi, feteleza ndi zonyansa za m'mizinda. Mtengo umayamwa zimenezi. Zambiri zimatsalira m'mizu, koma zina zimakwera mpaka m'makungwa ndi m'masamba. N'chifukwa chake mtengo wa mtundu umodzimodzi ungakhale wabwino kumudzi kopanda mafakitale koma woopsa pafupi ndi doko.

Zoopsa kwambiri ndi izi:

Mtovu umawononga ubongo wa mwana ndipo umatha kufika kwa mwana amene ali m'mimba. Palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza.

Cadmium imawononga impso, imafewetsa mafupa, ndipo imakhala m'thupi zaka zoposa 10.

Arsenic imayambitsa khansa ya pakhungu, ya m'mapapo ndi ya chikhodzodzo.

Mercury imawononga mitsempha, munthu n'kumanjenjemera manja ndi kuiwalaiwala.

Bungwe la WHO limalangiza kuti pa kilogalamu imodzi ya mankhwala azitsamba, mtovu usapose mamiligalamu 10 ndipo cadmium isapose mamiligalamu 0.3.

Kodi kuwiritsa kumachotsa poizoniyu?

Ayi. Moto umapha tizilombo, koma suchotsa zitsulo. Zina zimasungunukira m'madzi omwe mukumwawo. Simungazione, kuzinunkhiza kapena kuzilawa. Zimadziwika pokhapokha mankhwalawo atayezedwa ku labotale. Zimaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, kotero mukhoza kumwa kwa miyezi musanamve kanthu.

Muchite chiyani?

Musamwe mankhwala amene simukudziwa komwe anathyoledwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana ndi odwala impso kapena chiwindi awapewe. Musasiye mankhwala akuchipatala, monga ma ARV kapena a shuga, chifukwa cha zitsamba. Ngati mwakhala mukumwa ndipo mukumva kupweteka m'mimba, kufooka, dzanzi m'manja ndi m'mapazi kapena mukutupa miyendo, pitani kuchipatala msanga. Tengani paketi kapena botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone chimene mwakhala mukumwa.