Ndani Wakhala Akuyankhulira Mwana Wochedwa Kuphunzira?

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kuyambira kwa Ngokwe, kwa Chikweo mpaka ku Nayuchi, mwana amene nzeru zake zimakula pang'onopang'ono ndi wodziwika kuyambira kale. Amachedwa kuyankhula, amabwerezabwereza Sitandade 1, mapeto ake n'kungotsala pakhomo kumaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Ena ankati makolo ake anamukhwimira kuti ukonde uzigwira matemba ambiri. Lero achipatala amatiuza kuti gwero lake nthawi zambiri ndi kubanika pobadwa, malungo a mu ubongo, kapena chibadwa monga Down syndrome. Koma pamaso pa boma, mwana ameneyu wakhala akumuyankhulira ndani?

Mu 1971 boma linakhazikitsa lamulo lokhudza anthu aulumali, lomwe linabala bungwe la MACOHA. Bungweli linagwira ntchito yooneka: linatsegula malo owomba nsalu ku Bangwe ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero. Komabe nzeru ya nthawiyo inali yoti munthu waulumali athandizidwe mwachifundo, ena n'kumamuganizira chomwe akusowa. Wosaona ankatha kuphunzira kuwomba, wolumala miyendo ankatha kuphunzira kusoka, pamene mwana amene ulumali wake uli mu ubongo ankasowa pomuika.

Zinthu zinayamba kusintha ufulu wa zipani zambiri utabwera. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana anakhamukira m'makalasi, ochedwa kuphunzira ali pakati pawo. Aphunzitsi anaona ndi maso awo kuti anawa alipo ndithu. Koleji ya Montfort ku Nguludi, yomwe inkasula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, inayambanso kusula aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira.

M'zaka zomwezo anthu aulumali anayamba kudziyankhulira okha. Osaona anali ndi bungwe lawo la MUB, osamva anali ndi MANAD. Bungwe lililonse linkagogoda pakhomo la boma palokha, ndipo mawu ake sankapita patali. Pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, mu 1999 mabungwewa anapanga mgwirizano wotchedwa FEDOMA, umene Mussa Chiwaula anautsogolera kwa zaka zambiri. Ntchito yake yaikulu inali kusonkhanitsa madandaulo a mabungwe onse n'kukawatula kwa aphungu ndi nduna ndi liwu limodzi.

Apa ndi pamene mwana wathu uja anapezera mpando. Wosaona akhoza kuimirira pamsonkhano n'kudzinenera mlandu wake, koma mwana wochedwa kuphunzira amafuna wina womuimira. Anamuimira ndi makolo, kudzera m'bungwe lawo la PODCAM, lomwe ndi limodzi mwa mabungwe a mumgwirizanowo. Mayi mmodzi akadandaula kuti mwana wake wabwezedwa kusukulu, ndi nkhani ya banja limodzi. Dandaulo lomwelo likamveka m'maboma ambiri, mgwirizano n'kulinyamula, limasanduka nkhani ya dziko.

Zipatso zake zinabwera mochedwa, koma zinabwera. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo Malawi inalowa m'panganolo mu 2009. Mu 2012, patatha zaka zambiri mabungwe akukakamira, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kusukulu, kuchipatala ngakhale pantchito. Mu 2024 linabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwa malamulo awiri akalewo, ndipo MACOHA inasanduka MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 10 mwa 100 aliwonse a zaka 5 kapena kuposerapo ali ndi ulumali wa mtundu wina wake.

Kwathu kuno mbiri imeneyi si yachilendo. Maboma a Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma omwe MACOHA inayendetsako ndondomeko yothandizira anthu aulumali m'midzi mwawo momwemo, m'malo mowasonkhanitsa kumalo akutali. Ngakhale zili choncho, tonse tikudziwa kuti aphunzitsi osulidwa mwapadera ndi ochepa, ndiponso kuti mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi sangamupatse mwana mmodzi nthawi yomukwanira.

Mbiri imeneyi ikutisonyeza kuti mgwirizano umene uli ku Blantyre umayankhula zokhazo zimene makolo aunong'oneza. Mwana wobisidwa kuseri kwa nyumba salembedwa m'kaundula wa sukulu, ndipo amene sanalembedwe sawerengedwa pogawa aphunzitsi ndi mabuku. Choncho tiyeni timulembetse kusukulu, kumadrasa akhale pamphasa imodzi ndi anzake, ndipo makolo a ana otere m'dera limodzi adziwane, akaonekere pamodzi ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lawo. Lamulo lilipo kale. Chotsala n'chakuti ife tilinyamule kukafika nalo pakhomo la sukulu ya m'mudzi mwathu.